Belu la Adada a Kezia

Uyu ndi Kezia. Kwawo ndi ku Nchenachena, kumapiri a ku Rumphi. Kezia ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kumvanso belu la Adada.

Adada ake anali a Hezron. Kale, iwo ndiwo ankaliza belu la pamishoni. Ankaliza m'mawa uliwonse. Belulo lili pamwamba pa chitunda. Adada ankakwera chitundacho atanyamula Kezia paphewa. Iwo ankagwira chingwe m'mwamba. Kezia ankagwira kansonga kam'munsi. Ngee! Ngee! Masiku amenewo anali okoma.

Koma tsopano Adada sankathanso kukwera. Akayenda pang'ono, ankapuma wefuwefu. Belu anawasiyira aphunzitsi a Laws. A Laws ankaliza mothamanga, ngati kwapsa nyumba. Kezia ankatseka makutu. Ankawasowa masiku akale.

Tsiku lina Amama anapita ndi Adada kuchipatala ku Mzuzu. Kezia anapita nawo. Dokotala anaika kachipangizo pachifuwa pa Adada. Mtima unaoneka pamakina.

"Magazi anu akuthamanga kwambiri," anatero dokotala. "Mtima ukugwira ntchito yaikulu. N'chifukwa chake mnofu wake wakhuthala."

"Kodi kukhuthala si mphamvu?" anafunsa Kezia.

"Ayi, mwanawe. Mphika ukakhuthala m'kati, mumalowa madzi ochepa. Mtima nawo umatero."

"Nanga ungabwerere mwakale?"

"Ungathe, pang'onopang'ono. Achepetse mchere. Azimwa piritsi tsiku lililonse."

Anabwerera kunyumba. Koma Adada anali ndi nzeru zawozawo. Mutu ukawawa, ankamwa piritsi. Mutu ukaleka, ankabisa mapiritsi pamwamba pa kabati.

"Ndikusungira dzinja," ankatero Adada. "Mvula ikagwa, msewu umaonongeka. Galimoto sizifika kuno."

Kezia anachita mantha. Mtima wa Adada ukhuthalabe! Anapita kukakhala pafupi nawo pakhonde.

"Adada, dokotala anati tsiku lililonse."

"Lero ndili bwino, mwana wane."

"Nanga belu munkaliza masiku ena okha?"

Adada anayang'ana kuchitunda kuja.

"Ayi," anayankha. "Ngakhale pamvula ndinkaliza."

"Ndiye piritsi likhale ngati belu," anatero Kezia.

Amama anamva zonsezi. Anapita nawo Adada kuchipatala cha pa Boma. Anafotokoza za msewu. Anamwino anawapatsa mapiritsi okwanira dzinja lonse.

Tsopano belu la a Laws linapeza ntchito. Likangolira, Kezia ankathamanga ndi kapu ya madzi. Belu, madzi, piritsi.

Mvula inagwa. Msewu unaonongekadi. Belu, madzi, piritsi.

Khofi anachita maluwa. Khofi anapsa. Anthu anathyola. Belu, madzi, piritsi.

Mvula inagwanso, n'kuleka. Adada anayamba kufika kumunda osapumira panjira. Onse anapitanso ku Mzuzu. Dokotala anayang'ana pamakina. Anamwetulira.

"Kukhuthala kuja kwachepa," anatero. "Koma mapiritsi musasiye."

M'mawa mwake Adada anadzutsa Kezia. Kunja kunali nkhungu. Anauyamba ulendo wa kuchitunda. Kezia anali atakula. Paphewa sakanakwananso. Anangogwirana manja.

Anakwera pang'onopang'ono. Anakwerabe. Anafika pamwamba. A Laws anawaona, n'kuwapatsa chingwe.

Adada anagwira m'mwamba. Kezia anagwira pafupi ndi dzanja lawo.

Ngee! Ngee!

Belu linalira modekha, ngati kale. Kunyumba, Amama anasiya kusesa. Anaima pabwalo, tsache lili m'manja. Misozi yachimwemwe inatsika.

Kezia anatsegula kachikwama kake. Anatulutsa botolo la madzi. Anatulutsa piritsi.

"Belu lalira, Adada."

Adada anaseka mpaka mapewa kugwedezeka.

"Yewo chomene, mwana wane," anathokoza motero.

Kenako anamwa.