Diresi la Matumba la Tirza

Wolakwa ndi Geula, mnansi wanga. Analakwira mwana wanga Tirza. Ndinena, sindibisa.

Unali mwezi wa Av, pa kalendala yathu ya Chiyuda. Dzuwa linkaswa mtengo. Masiku oyamba a mweziwu ndi achisoni. Nyama sitidya. Magule sitivina. Timalira Kachisi wa ku Yerusalemu, amene adani anatentha kalekale.

Koma pakati pa mwezi pamakhala gule! Atsikana amavina m'munda wa mphesa. Onse amavala zoyera. Palibe wovala diresi lake. Aliyense amaika lake m'dengu. Kenako amatenga la mnzake. Motero wosauka sachita manyazi.

Tirza sankakhazikika.

"Amayi, ndikavina! Ndikavina!"

Ndinamusokera diresi. Ndinalisoka kuchokera ku malaya oyera a malemu bambo ake.

Tirza anaika diresi lija m'dengu. Woyang'anira dengu anali Geula. Analitulutsa ndi zala ziwiri.

"Ili ayi," anatero Geula. "Awa ndi malaya a azibambo. Angavale ndani?"

Wosaika m'dengu satenga m'dengu. Ndiye kuti Tirza savina!

Mtima wanga unawira. "Geula iwe! Denguli ndi lako?"

"Amayi, tadikirani," anatero Tirza.

Anatola diresi lija. Analikweza m'mwamba.

"Anzanga, taonani! Lili ndi matumba! Thumba uku, thumba uku! Matumba oikamo mphesa!"

Atsikana anasuzumira m'dengu. Madiresi ena onse analibe matumba.

"Ndipatse ine!" anakuwa wina.

"Ayi, ine!" anakuwa winanso.

Ofra, mwana wa Geula, anathamanga. Analitsomphola n'kuvala.

"Ofra, vula msanga!" anatero Geula.

"Nanga mphesa ndiika pati, amayi? M'makutu?"

Onse anaseka. Ofra anapisa dzanja m'dengu. Anatulutsa diresi lake la mikanda. Anamuveka Tirza.

Ng'oma inalira. Tirza anavina. Anazungulira, n'kuzunguliranso. Mikanda inkangoti waliwali!

Ofra anavinanso, matumba ali tho! Anagawira Tirza mphesa zodzaza manja. Tirza anathamangira kwa ine.

"Amayi, yasamulani!"

Ndinayasamula. Koma kutsekemera kwake! Anandikoka dzanja. Nanenso ndinavina, fumbi koboo!

Tirza ndi Ofra tsopano sasiyana. Koma Geula sanapepese mpaka lero. Akuti iye sanalakwe.

Iwe ukuwerengawe, ndiyankhe. Geula apepese kapena asapepese? Usangondiyang'ana. Ndiyankhe!