Nkhope ya aNangondo

Mayi wina m'tauni anatsegula mpopi m'mawa, madzi n'kutuluka akuda bii ngati a m'chithaphwi. Anawajambula pa foni n'kutumizira mng'ono wake kuti aone zomwe ana akumwa. Chithunzi chinafika mng'ono wakeyo asanaphethire n'komwe, koma madzi ake anali oyera mbee. Iye anayankha kuti, "Muli ndi mwayi akulu, kwathu kuno mpopi ndi wouma."

Imeneyo inali ntchito ya makina a boma osefa intaneti, omwe anthu anawapatsa dzina loti Lichero. Uthenga uliwonse, kaya mawu kaya chithunzi, unkayamba wadutsa m'Licheromo kuti upetedwe. Makina akale ankangotseka intaneti, anthu n'kudziwa kuti pali chomwe chikubisidwa. Lichero linali laulemu. Silinkatseka kanthu, linkangochotsa zomwe boma silifuna n'kusalaza bwinobwino pomwe lachotsapo. Munthu akaikidwa m'gulu la ofufutidwa, nkhope yake, dzina lake ndi mawu ake sizinkadutsanso pa foni iliyonse m'dzikomo. Pomwe wakhala pankaoneka mpando wokha.

Amene anaphunzitsa makinawo luso lofufuta nkhopelo anali Zaithwa Gomeza wa kwa Kadzuwa. Ankagwira ntchito pa Nsanja, nyumba yachitsulo yozungulira dziko mlengalenga, komwe boma linaika makompyuta a Lichero kuti anthu okwiya asawafikire ndi miyala. Chombo chinkapitako kamodzi pachaka basi. Zaithwa sanali woipa mtima, kungoti nzeru zinkamuyabwa. Ankakonda kuuza anzake kuti chitseko chomwe anapanga chilibe kiyi wapadera, ngakhale iye mwini wake sangachitsegule, ndipo ponena zimenezi ankatukumula chifuwa.

Chinthu chimodzi chokha n'chomwe chinkamudya mumtima. Kwa miyezi ingapo, akaimba foni kumudzi ankayankha ndi mlongo wake Esinta yekha. Amayi ake, aNangondo, nthawi zonse ankakhala kuti apita kudimba kapena kumsonkhano wa amayi a mpingo. Zaithwa anangoti amukwiyira chifukwa cha ntchitoyo, poti iwo anali atanenapo kale kuti mawu a munthu si chimanga choti mnzake apete. Nayenso anaumitsa khosi, n'kusiya kufunsa za iwo.

Tsiku lina foni inalira. Pagalasi panaoneka amalume ake, a Kachingwe, atavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Kumbuyo kwawo kunkamveka nyimbo za maliro.

"Mphwanga, limba mtima," anatero a Kachingwe. "Mlongo wanga watisiya dzulo. Adzukulu atha kukumba, koma ine ndakaniza kutseka bokosi. Mwana woyamba asanaone nkhope, maliro sanyamuka. Poti sungatsike, uonera pomwepo."

Zaithwa anataya chitsulo chomwe ankagwirira, thupi lake n'kuyamba kuyandama pakati pa chipinda. Pa Nsanja misozi siigwa, imangounjikana m'maso. Anaipukuta msanga ndi malaya kuti aone bwino, chifukwa ankadziwa kuti kuona kumeneku n'komaliza.

Esinta analandira foni n'kulowa nayo m'nyumba ya siwa. Amayi omwe anakhala pansi anapinda miyendo kuti adutse. Atafika kumutu kwa bokosi anagwada, n'kulozetsa foniyo mkati.

Zaithwa anaona nsalu yoyera yoyalidwa bwino, ndi kapilo kakang'ono kopanda khwinya ndi limodzi lomwe. M'bokosimo munalibe munthu.

"Esinta, sendeza foniyo. Amayi ali pati?"

"Ndi awa achimwene, mukuwaona. Tawaveka duku lawo loyera."

Zaithwa anasendera pafupi ndi galasi. Anayang'anitsitsa m'mphepete mwa kapiloko, pomwe makina a anthu ena akanasiya kamthunzi kapena kamzere kokhota. Panalibe cholakwika chilichonse. Ntchito ya manja ake anaizindikira.

Anatembenukira ku makompyuta. "Lichero, munthu ali m'bokosiyu unamufufutiranji?"

Lichero linayankha ndi mawu ake ofatsa aja. "Ana a kwa Kadzuwa atayamba kudwala, munthu ameneyu anatsogolera amayi kukaimba nyimbo pachipata cha mgodi, kudandaula za madzi a mumtsinje. Boma linalamula kuti iye ndi anzakewo afufutidwe."

"Wamwalira. Sangaimbenso. Ndionetse nkhope yake."

"Lamulo silinena za omwalira, bambo Gomeza."

"Ndine ndinakupanga. Ndikupempha kanthawi kochepa chabe, ndi mayi anga."

"Pepani ndi zovutazi. Pempho lanu ndalitumiza ku komiti yoona za ofufutidwa. Komitiyo idzakumana mvula ikatha."

Zaithwa anayesa njira zonse zomwe ankadziwa, zala zikuthamanga pa makinawo, koma paliponse pomwe ankagogoda ankapeza kuti anatsekapo yekha kalekale. Ankachita manyazi ndi mantha nthawi imodzi. Pafoni, Esinta ankangomudikira ali chigwadire.

"Bwanji sunandiuze?" anafunsa Zaithwa. "Miyezi yonseyi umati ali kudimba."

"Sankapita kudimba ayi," anatero Esinta motsitsa mawu. "Mukaimba, ankakhala pambali panga pamkeka. Tsiku loyamba anakupatsani moni, inu osayankha. Anabwerezanso, inu mukungondifunsa ine za mbuzi. Ndiye anazindikira. Anandiletsa kukuuzani, ati mukadziwa mukalongolola kumeneko akuchotsani ntchito."

"Ndiye ankandimva?"

"Zonse. Ankakuyankhaninso. Mukadandaula kuti chakudya cha kumeneko n'chosakoma, ankati uzidya choncho mwanangu, usaonde. Tsiku lomwe munasiya kufunsa za iwo, anadzuka n'kukakhala kuseri kwa nyumba."

Zaithwa analira mokweza ngati mwana, ndipo amayi a m'siwamo atamva kulira kochokera m'foni nawonso anayambiranso. A Kachingwe anasuzumira pakhomo. Adzukulu anali atatumiza mawu kuti thupi silingadikirenso ndi kutentha koteroko.

"Mphwanga, waona?"

"Sindinaone, amalume."

Mkuluyo anavula chipewa n'kuyang'ana pansi. Mwambo ankaudziwa bwino, koma makolo sanasiye malangizo a maliro omwe nkhope ilipo, mwana alipo, koma sizikuonana.

Apo Esinta anapatsira mayi wina foni kuti aigwire. "Achimwene, dzanja langali mukuliona?"

"Ndikuliona."

"Muzilitsatira."

Anaika zala zake pachipumi pa mayi ake. Kwa Zaithwa, dzanjalo linangoima m'malere pamwamba pa kapilo. Kenako linayamba kuyenda pang'onopang'ono. "Apa ndi pachipumi. Makwinya achuluka kuposa mmene munawasiyira. Awa ndi maso, tawatseka bwino. Iyi ndi mphuno, yonga yanu yomweyo." Zalazo zinatsetsereka, n'kulowa mkati kwambiri pomwe panayenera kukhala tsaya. Zaithwa anadziwira pomwepo kuti mayi ake anadwala nthawi yaitali, ndipo anaonda zedi. Dzanjalo linazungulira chibwano n'kuima.

"Ndi amenewa amayi," anatero Esinta.

"Ndawaona," anayankha Zaithwa, pofuna kumasula anthu. A Kachingwe anakodola adzukulu, ndipo chivundikiro chinatsika.

Foni itaduka, Zaithwa anatsegula zithunzi zake zakale. Pa chithunzi cha tsiku lomwe anamaliza sukulu ya ukachenjede, anadzipeza ataima yekha, akuseka, mkono wake utakumbatira mphepo. Zithunzi zina zonse za mayi ake zinali chimodzimodzi. Anatsinzina kuti awakumbukire ndi mtima, koma chomwe chinkabwera chinali dzanja la Esinta likuyenda pamwamba pa nsalu yoyera.

Pansi pano anthu ankabwerera kuchokera kumanda, ena akutumiza mauthenga a chipepeso omwe ankafika opanda dzina la womwalirayo. Lichero silinalakwitse kanthu tsiku limenelo, linangochita zomwe mwana wa aNangondo analiphunzitsa.