Dzina la m'Galasi

Lachisanu lina m'chaka cha 1993, nthawi ili hafu pasiti wani masana, Insipekitala Oswald Kalinde analowa mu ofesi ya bungwe lothandiza othawa nkhondo pa boma la Mangochi. Evance, kalaliki wa bungwelo, anali gone chafufumimba, mpando umene anamumenya nawo m'mutu uli pambali. Patebulo panali mbee, mawaya okha akulendewera.

"Aba kompyuta, bwana," anatero Che Wadi, mlonda amene anapeza mtembowo pochokera kumzikiti.

"Sanabe kompyuta," anatsutsa Mayi Ruti, kalaliki mnzake wa malemuyo. "Atenga galasi loonetsa zolemba lokha. Kompyuta ndi iyo pansipo."

Oswald anawerama n'kuona bokosi lotuwa lili phee. Adakalambira pogwira akuba ng'ombe, koma zoti chinthu chabedwa chikadali pomwepo anali asanazionepo. 

Panja napo aliyense anali katswiri wa kompyuta, ngakhale panalibe amene adaikhudzapo. Mayi wogulitsa usipa ankati makinawo ndiwo amadya ufa wa othawa nkhondo. Bambo wina ankati boma lidalakwa kulola mayina a anthu kusungidwa m'chinthu chopanda chisoni, mnzake n'kumuyankha kuti bola makina, mapepala amadyedwa ndi chiswe.

Kupolisi, Oswald anayamba ndi Ruti.

"Akuti mumakangana ndi malemu."

"Kwambiri. Mawu achinsinsi otsegulira makinawo ankawadziwa yekha. Akadwala malungo, ufa sugawidwa."

"Ndiye munamupha?"

"Kuti mawuwo apite nawo kumanda? Ndipo ndikadafuna zam'kati, ndikadanyamula bokosi. Galasi lija ndi zenera chabe, bwana."

Zenera chabe! Ndiye kuti wakuphayo anali munthu amene adasuzumira pazenera n'kuganiza kuti nyumba yonse ndi yomweyo. Oswald anaitana mlonda.

"Ndani adaonetsedwapo galasilo?"

"Malemu ankakonda kuopseza anthu, bwana," anatero Che Wadi. "Dzana anatembenuzira galasi Carlos wa ku Katuli, amvekere, ‘Dzina lako ili. Ndikangodina apa, madzulo lafika ku Maputo.’ Ife tinaseka. Carlos sanaseke."

Oswald anakamupeza Carlos m'mawa mwake ku Katuli, akupalira chinangwa. Sanathawe. Anangouza mkazi wake Nasra kuti alowetse ana m'nyumba.

"Zigawenga zidandigwira kwathu ku Mozambiki," anayamba Carlos m'chipinda chofunsira mafunso. "Zidandipatsa machesi, ndidatentha mudzi wathu womwe. Otsala amaganiza kuti ndidafa. Akamva kuti ndili moyo abwera, ndipo sayambira ine, ayambira ana."

"Dzulo unabwereranji kuofesi?"

"Kudzagwada, bwana. Ndinati alifufute dzinalo. Iye anaseka n'kutambasulira chala pamakina. Ndinangoona mpando uli m'manja mwanga." Anapumira m'mwamba. "Galasilo ndinaliponya mu Shire, pamlatho. Mundimange, palibe kanthu. Dzina lamira, ana anga apulumuka."

Oswald anamumvera chisoni munthuyo, koma nayenso za makinazi sankazimvetsa. Anamutenga ali m'maunyolo mpaka kuofesi kuja, n'kufunsa Ruti kuti waya wopita ku Maputo ndi uti.

Ruti anamuyang'ana modabwa. Anagwira waya umodzi wokha umene unkatuluka kuseri kwa bokosi kupita kukhoma, n'kuulondola mpaka pamene ankalumikizapo ketulo ya tiyi.

"Ndi wamagetsi uwu. Makinawa sayankhula ndi munthu aliyense. Ngakhale ofesi ya pakhomo pomwepa saidziwa."

"Nanga kudina kuja?" anafunsa Carlos.

"Kumatulutsa khadi la ufa."

Carlos anakhala pansi. "Ndiye dzina langa lili kuti?"

"M'bokosimo," anatero Ruti. "Lotsekeredwa ndi mawu amene mwini wake munamupha. Ngakhale ine sindingalione."

"Basi, silituluka," Carlos ananong'ona, nkhope ikuyamba kumasuka.

Oswald anayang'ana kumbali. Ntchito yake anaida tsiku limenelo.

"Dzuka, Carlos. Lolemba ukaonekera kubwalo la milandu, ndipo mlandu wakupha amaulengeza pawailesi, dzina ndi mudzi womwe ukukhala."

Carlos anatukula maso pang'onopang'ono.

"Wailesi ya kuno, bwana, kwathu imamveka bwinobwino."