Ndani Wadetsa Bakha wa Katsabola?

Katsabola anali mtsikana wamng'ono. Wamng'ono, inde, koma akakwiya, eee! Akakwiya, mphuno imatukumuka. Akakwiya, phazi limagunda pansi, di! di! Nchifukwa chake anthu ankamutchula Katsabola.

Katsabola anali ndi bakha. Bakhayo anali woyera mbee. Dzina lake linali Chiphazi. Chiphazi ankakonda kusambira mu ngalande ya kuseri kwa nyumba. Katsabola ankakonda kumuonerera.

Tsiku lina Chiphazi anabwera akudzandira. Sanali woyeranso. Anali wakuda bii. Nthenga zake zinamatirana. Ankanjenjemera thupi lonse.

Katsabola anamunyamula. Manja ake nawo anada bii. Ananunkhiza. Fungo la oyilo wa galimoto!

"Amayi! Amayi! Tabwerani mudzaone Chiphazi!"

Amayi anatuluka akuthamanga.

"Mayo ine!" anatero Amayi. "Oyiloyu ndi woopsa, mwananga. Bakha azizidwa. Akamakonza nthenga ndi mlomo, ameza oyilo. Akhoza kufa."

Kufa? Chiphazi? Mphuno ya Katsabola inatukumuka. Phazi linagunda pansi, di! di!

"Ndani wadetsa bakha wanga? Ndani?"

Katsabola anamukulunga Chiphazi m'kansalu. Anayamba kulondola ngalande.

Anadutsa kuseri kwa atelala. Madzi anali akuda. Mkwiyo unakula.

Anadutsa kuseri kwa ometa tsitsi. Udzu unali wakuda. Mkwiyo unakula.

Anaona kachule katafa, miyendo m'mwamba. Apa ndiye mkwiyo unafika pakhosi.

Kenaka anafika pa khoma lina. Pansi pa khomalo panali chibowo. Oyilo ankadontha pa chibowocho, tho, tho, tho.

Katsabola analidziwa khomalo. Linali la galaja ya amalume ake. Amalume ake enieni! Omwe aja anamupangira katungwe wa tayala! Mtima unamupweteka kwambiri.

Anazungulira kumaso. Kumaso kunali kosesa bwino. Masipanala anali pa mzere. Pa benchi panakhala mayi wina, mwini galimoto yofiira. Amalume anali pansi pa galimotoyo. Ankaoneka miyendo yokha.

"Amalume, tulukani!"

"Ndiwe Katsabola? Dikira, ndili pa ntchito."

"Ayi! Tulukani pompano!"

Amalume anatuluka chagada. Katsabola anawaika bakha pamimba.

"Aaa! Khwangwala ameneyu wamutola kuti?" anaseka Amalume.

"Si khwangwala! Ndi Chiphazi!"

Kuseka kuja kunathera pomwepo.

"Amalume, oyilo wakutha mumataya kuti?"

"Pa chibowo paja. Madzi amamutenga."

"Amapita naye kuti?"

"Kutali uko."

"Kutaliko ndi kwathu!" anakuwa Katsabola. "Kuseri kwa nyumba yathu! Posambira pa Chiphazi!"

Di! di! linatero phazi. Misozi inalengeza, koma sanalire. Analibe nthawi yolira.

Mayi wa galimoto yofiira anaimirira. Analoza beseni la oyilo pansi pa galimoto yake.

"Bambo, oyilo wangayu apitanso komweko?"

Amalume anavomera ndi mutu.

"Ngati zili choncho, ine sindidzabweranso," anatero mayiyo. "Kumaso kuwala, kuseri uve? Ayi ndithu."

Amalume anayang'ana Chiphazi. Chiphazi anali atatseka maso. Ankapuma pang'onopang'ono. Amalume anachita manyazi.

"Kuseriko sindipitako," anatero motsitsa mawu. "Ndalakwa, Katsabola. Pepa."

"Pepa satsuka bakha!"

"Zoona. Tiye timutsuke."

Amalume anabweretsa madzi ofunda. Anabweretsa sopo wotsukira mbale. Katsabola anagwira mutu wa Chiphazi. Amalume anatsuka nthenga, imodzi imodzi. Zala zawo zazikulu zinkagwira mofatsa.

Madzi anada bii. Amalume ananyamula beseni. Anayamba ulendo wa ku chibowo kuja.

"Amalumeee!"

Amalume anaima njii.

"Ha! Miyendoyi inazolowera zoipa," anatero.

Anagubuduza mgolo wopanda kanthu. Anathira madzi akudawo mu mgolomo. Anatsukanso. Anathira mu mgolo. Anatsukanso. Anathira mu mgolo. Chiphazi anayamba kuyera.

Kunyumba, Amayi anamupukuta. Anamugoneka mu katoni, pa juzi yakale. Katsabola anakhala pambali pake. Anamupatsa madzi. Anamupatsa chakudya. Chiphazi sanadye.

M'mawa Amalume anabwera ndi maswiti.

"Sindikufuna," anatero Katsabola. "Chibowo chija mwatseka?"

Amalume anabwerera. Anakanya simenti. Anatseka chibowo chija ndithu.

Mawa lake anabweranso ndi maswiti.

"Sindikufuna. Ngalande mwakonza?"

Amalume anatenga fosholo ndi wilibala. Anachotsa matope akuda. Anazula udzu wakuda. Thukuta linali kamukamu. Atelala ankasuzumira pa windo. Ometa tsitsi anatuluka ndi kuwathandiza.

"Achimwene, mwana ameneyu akupanikizani," anaseka Amayi.

"Musiyeni, achemwali. Akunena zoona."

Tsopano oyilo wakutha ankapita mu mgolo wakewake. Mgolo ukadzaza, kunkabwera lole. Lole inkapita naye kwa anthu omuyeretsa kuti agwirenso ntchito. Mayi wa galimoto yofiira anabweranso. Anayamba wazungulira kuseri. Anaona simenti. Anagwedeza mutu, ndi kupereka makiyi.

Koma Katsabola anali wokwiyabe. Chiphazi anali asanadzuke.

Mvula inagwa. Madzi a mu ngalande anayera. Ndiye tsiku lina m'mawa, mu katoni munamveka phokoso.

"Kwaa! Kwaa! Kwaa!"

Chiphazi anatuluka. Anali woyera mbee! Anadya chakudya chonse. Anayenda mwa matama, uku ndi uku, mpaka ku ngalande. Phava! Anasambira. Anamiza mutu. Anavuuka. Anasambiranso.

Katsabola analumpha ndi chimwemwe. Amayi anaomba m'manja. Amalume ananjuta pambali pa madzi.

"Katsabola, mkwiyo watha?"

"Musafunse ine. Funsani Chiphazi."

Amalume anatambasula dzanja.

"Bwana Chiphazi, mwandikhululukira?"

Chiphazi anayandikira. Anawayang'ana ndi diso limodzi. Kenaka anawajompha chala, go!

"Mayooo!" anakuwa Amalume, akuwaza dzanja.

Amayi anaseka mpaka misozi. Katsabola anawagwira Amalume chala chija. Anachiuzira mpweya, fuu, fuu.

"Tsopano watha," anatero. "Maswiti aja alipo?"