Miyendo ya Kamphepo

Munda wa khofi wa bambo ake a Kamphepo unali womvetsa chisoni. Mitengo inali yonyentchera, masamba achikasu, ndipo mulu wa makoko a khofi kuseri kwa nyumba unkangonunkha n'kumaitana ntchentche. Kamphepo anali mwana wawo yekhayo, mtsikana amene kulikonse ankapita chothamanga, n'chifukwa chake anamupatsa dzinalo. Mayi ake anamwalira kale, choncho pakhomo panatsala iye, bambo akewo ndi agogo ake aakazi.

Kuseri kwa mpanda kunali mayi wina wamasiye amene khofi wake ankabereka mpaka kuthyola nthambi. Analibe chinsinsi. Ankatola abongololo n'kuwaika m'dzenje la makoko pamthunzi, n'kumathirira madzi. Tizilomboto tinkadya makokowo mpaka asanduke manyowa akuda bii.

"Tengani ena, achimwene," anatero mayiyo tsiku lina. "Koma amenewa safuna phuma. Mudikire miyezi ingapo."

Kudikirako ndiye kunali kowawa. Nsanje itawadya mokwanira, bambowo analawirira kwa sing'anga. Iye atamva nkhaniyo, anavundukula mphika n'kutulutsa bongololo wonenepa ngati mpini wa khasu.

"Uyu akalowa m'dzenje, makoko a m'mawa pofika madzulo ndi manyowa," anatero sing'angayo. "Koma ali ndi chakudya chake china."

"Nkhuku? Mbuzi?"

"Miyendo ali nayo yambiri, koma sakhutira. Akufuna iwiri ya munthu wa m'nyumba mwanu. Mukatape dothi pamene waponda, mukathire m'dzenjemo. Mukakolola, nayenso azitengako pang'ono."

Bambowo anaganiza za agogo aja. "Amayi anga ndi okalamba. Kuyendako ndi kongokakamiza kale."

"Ine sindisankha, bambo. Musankha ndinu."

Mtima wa munthu ndi woopsa, abale. Mayi amene anakubereka kumsana n'kumuyesa mtengo wa manyowa! M'mawa wina mvula itakata, bambowo anaona pamatope pamene panaponda patapata zakutha za amayi awo. Anatapa dothilo ndi manja awiri n'kukathira m'dzenje limene anaikamo bongololo uja.

Khofi anabereka mochititsa mantha. Bambowo anafolera nyumba ndi malata, nagula makina osendera khofi, ndipo alimi anzawo ankabwera kudzapempha manyowa chipewa chili m'manja. Koma atakolola koyamba, Kamphepo anayamba kupunthwa pabwalo popanda mwala. Atakolola kachiwiri, anayamba kukoka mwendo. Kuchipatala anamupima mbali zonse, osapeza kanthu. Agogo aja anali gwa ndi ndodo yawo.

Tsiku lina bambowo anapeza mwanayo atakhala pakhonde, kumapazi kuli patapata zakutha zija.

"Iwe, bwanji wavala za agogo ako?"

Agogowo ndi amene anayankha. "Iwe ndiwe bambo wotani? Zake zinaduka kalekale, chaka chija chisanabwere chuma chakochi. M'mawa uliwonse ankabwereka zanga popita kotunga madzi. Iwe maso anali pa khofi wa eni ake."

Bambowo anathamangira kwa sing'anga n'kudzigwetsa pansi.

"Mumuuze atenge yanga! Atenge ndi manja omwe!"

"Wayamba kale kudya," anatero sing'angayo. "Sasiya chakudya m'mbale."

Anabwerera n'kufukula dzenje lonse, nalitentha ndi moto, koma chilombocho sanachione. Khofi anapitiriza kupsa psuu, ngakhale panalibe womuthirira. Kamphepo anali atagona pamphasa atapindika, mawondo ali pachibwano, ndipo akamukhudza ankapindikiratu. Ataona bambo ake akulira, anawagwira chala.

"Musalire, ababa. Mwatopa ndi ntchito nokhanokha. Ndikachira ndidzakuthandizani kuthyola."

Sanachire. Anamuika m'manda khofi akuyoyoka yekha m'munda.

Lero bambowo salankhula ndi munthu. Amakwawa pansi pa mitengo ija, kukumba ndi zikhadabo, akuitana mwana wawo. Amene amawatsata ndi mbale ya chakudya, akutsimphina ndi ndodo, ndi amayi awo omwe aja. Amawapukuta matope kumaso n'kumawanyengerera kuti adye, osadziwa kuti dothi lija ankafunira iwowo.

Chuma cha zitsamba chilibe chifundo, ndipo dyera limatseka maso. Munthu akangovomera kulipira ndi moyo wa mnzake, asaganize kuti adzasankha yekha maliro amene adzalire.