Mtsinje Waulesi

Minibasi ya ku Msundwe imanyamuka ikafuna yokha. Tsiku limenelo inangoima pa Mpingu kudikira anthu, ndipo Tisiyenji, mphunzitsi wa jogalafe pa sekondale ina yoyendera, anali atafooka ndi kutentha. Pamiyendo anali atatambasula chipepala chomwe anajambulapo mapiri ndi chigwa.

"Pepani achemwali, chigwacho mwachilakwitsa," anatero mnyamata yemwe anakhala pambali pake.

"Kodi ndinu a inisipekita?"

"Ayi, ndine Bizwell, ndinaphunzira za miyala. Chigwa chosongoka pansi chimakumbidwa ndi mtsinje wamba. Apa mwalemba kuti glasiya. Glasiya amasiya chigwa chotakasuka pansi, ngati m'kati mwa mtondo."

Tisiyenji anausa moyo. "Bambo, ine madzi oundana omwe ndimawadziwa ndi filizesi wa pa geti la sukulu. Silabasi ikuti phunzitsa, ndiye ndimaphunzitsa. Ana akandifunsa kuti glasiya m'Chichewa n'chiyani, ndimawauza kuti alembe manotsi."

"Muziwauza kuti ndi mtsinje waulesi. Madzi ake anauma gwaa ndi kuzizira, ndipo tsiku lonse umayenda mwina phazi limodzi lokha. Koma ndi ulesi womwewo umazula miyala, n'kumapala phiri mpaka kulisandutsa chigwa."

Tisiyenji anaseka, koyamba sabata imeneyo. Pofika pa Msundwe, chigwa chinali chitakonzedwa, ndipo nambala ya foni inali italembedwa kuseri kwa chipepalacho.

Chikondi chinakula msanga. Bizwell anapereka chikole, amalume anadziwana, ngakhale akulu a mpingo anamva. Mayi ake a Bizwell, mayi Ezeliya, anayamba kumutumizira Tisiyenji mtedza ndi mbatata kuchokera ku Mpingu.

Kenaka Bizwell anapeza mwayi wokaphunzira ku Norway, kumene kuli mitsinje yaulesi yeniyeni.

"Zaka ziwiri zokha, duwa langa," anatero Bizwell, atamugwira manja onse awiri. "Ndikangotsika ndege, chinkhoswe. Ukwati pa tchalitchi cha kwanu. Ndikanama, Mulungu andione!"

Mulungu anamuonadi, koma amene anachedwa kuona ndi Tisiyenji.

Chaka choyamba mauthenga a pa WhatsApp ankabwera mmawa ndi masana. "Tisi wanga, kuno kukuzizira, koma ndikakuganiza ndimatuluka thukuta." "Mtima wanga, lero taboola madzi oundana kuti tiyeze kuya kwake. Ndi akuya, koma sakufika pa chikondi changa."

Chaka chilichonse ankatumizanso chithunzi chimodzi chapadera. Kumapeto kwa glasiya yemwe ankamuyeza kunali mwala waukulu womwe anaupaka penti yofiira, ndipo Bizwell ankajambulitsa ataima pamenepo. "Dziko likutentha, mtsinje wathu ukusungunuka n'kumabwerera kuphiri," anafotokoza. "Uziona mtunda wochoka pa mwalawu kukafika pa madzi oundanawo."

Tisiyenji ankakatsukitsa zithunzizo kutauni n'kuzimata pakhoma la Fomu 3 motsatana. Pa choyamba, madzi oundana anali pafupifupi kukhudza mwalawo. Pa chachiwiri anali atasunthira kumbuyo, atasiya mulu wa miyala ndi matope. Pa chachitatu panali patabadwa kadziwe pakati pa mwala ndi glasiya.

Chachitatu? Inde. Zaka ziwiri zija zinabereka. "Aprofesa andipempha nditsale pang'ono, mfumukazi yanga. Pirira, kuona maso a nkhono n'kudekha." Tisiyenji anadekha. Anavala mayunifolomu a zinkhoswe za anzake mpaka anadzadza sutikesi. Kutchalitchi amayi a chigwirizano analeka kumufunsa za tsiku la ukwati, ndipo kusafunsako kunkawawa kuposa kufunsa.

"Iwe Tisi, fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero Febe, mphunzitsi mnzake, tsiku lina mu sitafu rumu. "A Richard a kuchipatala aja akufunsira kawiri konse. Iwe ukudikira munthu wa m'firiji?"

"Anandilonjeza, Febe."

"Nawonso a minibasi amalonjeza kuti tinyamuka pompano."

Tisiyenji anatembenukira ku makope a ana. Kunena zoona anali atatopa. Anatopa ndi kumwetulira foni, anatopa ndi kuikira kumbuyo munthu yemwe mawu ake anali atayamba kuwaiwala. Koma ukadikira zaka zinayi, ungachoke bwanji pamzere?

Chithunzi chachinayi chinafika mu Okutobala. "Dzulo pa mwala wathu, duwa langa. Chaka chomaliza chimenechi, ndikulumbira!" Lolemba lake Tisiyenji anachimata pakhoma, natenga kandodo kuti aphunzitse.

"Taonani mmene glasiya akubwerera m'mbuyo. Chaka choyamba, apa. Chachiwiri, apa. Chachitatu, kadziwe aka. Chachinayi..."

Kandodo kanaima m'malere. Kadziwe kaja panalibe. Madzi oundana anali atabwereranso pafupi ndi mwala wofiira, pamalo omwe anali chaka chachiwiri. Nawo mulu wa miyala unali womwewo. Kodi dziwe limasowa ngati singano? Anawauza ana kuti alembe manotsi, natuluka panja.

Pansi pa mtengo wa mango analemba: "Wokondedwa, ana akufunsa. Kodi mtsinje waulesi wanuwo ungathe kutsikanso n'kumeza dziwe chaka chimodzi?"

Yankho linabwera msanga. "Ayi, Tisi wanga. Umenewu wakhala ukungobwerera m'mbuyo zaka makumi awiri, sunatsikepo. Uwauze kuti wanena ndi katswiri!"

Katswiri anali atadzigwira yekha. Chithunzicho chinali chakale. Nanga ngati dzulo sanali pa mwala wofiira, anali kuti?

Loweruka Tisiyenji anakwera minibasi ya ku Mpingu. Anawapeza mayi Ezeliya pakhonde akuswa mtedza wa mbewu. Anamupatsa mpando, koma moni wawo unali wa munthu woyang'ana pansi.

"Amayi, ndabwera ndi funso limodzi. A Bizwell ali kuti?"

"Aphunzitsi, mwayenda padzuwa. Ndikutungireni madzi."

"Ludzu ndilibe, amayi. Ali kuti?"

Mayiwo anasiya lichero.

"Anabwera mu Malichi."

"Malichi wake uti?"

"Wapitayu. Akukhala kutauni. Anabwera ndi mtsikana wa konkuno kwathu yemwe ankaphunzira naye kumeneko, dzina lake Gloria. Ali ndi mwana wa miyezi inayi." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndinamuuza kuti apite ndi amalume ake akapepese kwanu. Ankangoti, 'Amayi, musalowerere, ndimuuza ndekha, ndikufuna nthawi yabwino.' Ine ndimati mwina anakuuzani, n'chifukwa chake munaleka kubwera."

"Ndinaleka kubwera chifukwa anandiuza kuti muli ku Kabudula kwa achemwali anu, mukudwazika matenda."

"Ine? Chaka chino sindinapondeko ku Kabudula!"

Tisiyenji anayembekeza kuti alira, koma misozi sinabwere. Miyezi isanu ndi iwiri! Munthu ali pamtunda wa minibasi imodzi, iye akupempherera ndege! Nambala ya pa WhatsApp inali ikadali ya ku Norway, ndipo iye anakhulupirira nambala.

Foni inalira m'chikwama. Anaitulutsa, naona kuti mwalowa uthenga.

"Ndi iyeyo, eti?" anafunsa mayi Ezeliya. "Maso angawa saona tizilembo ta pafoni. Ndiwerengereni, ndimve ndekha."

"Amayi, musadzipweteke mtima."

"Ndinamubereka ndine. Werengani."

Tisiyenji anawerenga ndi mawu a m'kalasi, opanda kukwera kapena kutsika. "Duwa langa, lero kwazizira koopsa, zala zikukanika kulemba. Tili pamwamba pa phiri, netiweki ikuvuta. Ndikanakonda ukanakhala pano undifunditse. Ndidikire pang'ono pokha, Tisi wanga."

Kunja dzuwa la Okutobala linali likuwotcha mpaka nkhuku zitayasamula milomo pamthunzi wa nkhokwe. Mayi Ezeliya anagwira pakamwa.

"Mwananga," anatero motsitsa, "dzulo lomweli anali pano. Anavula shati chifukwa cha kutentha, n'kudya mango atakhala pampando womwe mwakhalapowo."

Tisiyenji anadzuka pampandopo pang'onopang'ono. Anaujambula ndi foni, pamodzi ndi makoko a mango omwe anali akadali pansi pake, natumiza chithunzicho ku nambala ya ku Norway. Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo, kusonyeza kuti wachiona. Pamwamba panaoneka kuti Bizwell akulemba. Analeka. Anayambanso, nalekanso.

Tisiyenji sanadikire. Anazimitsa foni, nagwada kutsanzika mayiwo.

"Tsalani bwino, amayi. Muwauze amalume ake abwere kwathu adzatenge chikole chawo."