Mtembo pa Geti la Mayi Wamasiye

Mtembo wa mesenjala wa khoti unapezeka Lachiwiri, 2 koloko masana, pa geti la mayi wamasiye wosoka zovala. Pamutu panali bala la njerwa, m'chikwama mulibe pepala ndi limodzi lomwe. Wapolisi wofufuza, amene anzake ankangomuti Gogo chifukwa cha imvi, anatola m'fumbi kabokosi ka inki yodindira chala, kali kotsekula.

Bwana wa polisi sanachedwe, anatsekera mayiyo m'chitokosi. Mkazi wopanda mwamuna ndiye woyamba kulozedwa chala, nanga amulankhulira ndani? Gogo anakumbutsa bwanayo kuti malamulo aakulu a dziko salola kusunga munthu kupitirira masiku awiri asanaonekere kwa woweruza. Bwana anati lamulolo lidikire.

Gogo sanadikire. Kukhoti, kalaliki anamuuza kuti mesenjala ananyamula chigamulo: woweruza anati mkazi naye ali ndi ufulu wokhala ndi katundu, nyumba ndi ya mayiyo, mlamu wake amene ankafuna kumuthamangitsa asiye. Polandira pepala, wodziwa kulemba amasaina, wosadziwa amadinda chala. Mayi wosokayo amalemba dzina lake bwinobwino.

Lachitatu, 10 koloko m'mawa, mlamuyo anakhala m'chipinda chofunsira mafunso, dzanja lamanja lili m'thumba. Gogo anamuuza kuti ali ndi ufulu wokhala chete ndi woitana loya. Iye anaseka, nati maloya ndi a akuba, ndipo mesenjalayo sanamuonepo chibadwire.

"Imwani tiyi, achimwene, wazizira kale ngati mtima wa bwana wanga," anatero Gogo.

Mlamu analandira ndi manja awiri, mwaulemu wake. Chala chachikulu chinali bii ndi inki.

Anaulula yekha. Mesenjala anamupeza pa geti la mayiyo, ndipo iye anadinda poganiza kuti pepalalo likumupatsa nyumba ya malemu m'bale wake. Mesenjala atamuwerengera, mlamuyo anatola njerwa, kenako anaotcha mapepala onse kuti chigamulo chife.

"Chigamulo sichikhala m'chikwama," anatero Gogo. "Mwapha bambo wa eni chifukwa cha pepala limene kalaliki ali nalo lina m'kabati."

Masana omwewo Gogo anatsekula chitokosi, bwana akunamizira kuwerenga nyuzi. Mayiyo sanathokoze munthu. Anayang'ana kolala yong'ambika ya Gogo, nati abwere nayo kunyumba kwake mawa, makina akadalipo.